Malangizo: Chenjerani ndi Udzu wa M'misewu ya M'nkhalango

Inu amene mumanyamuka m'magulu pa galimoto zokoka ndi matayala onse anayi kukwera phiri la Zomba mpaka ku dzenje la Chingwe, kapena kulowa m'nkhalango ya Chikangawa, mumakonzekera matope koma udzu mumauiwala. Msewu ukatha nthawi osayendedwa, udzu umamera pakati mpaka kufika m'chuuno. Galimoto ikamaugonetsa, umakulungika kunsi n'kukanirira pa paipi ya utsi, imene imatentha mokwanira kuyatsa udzu wouma wa mu Seputembala ndi Okutobala. Pakati pa mitengo ya paini, moto wotere suchedwa kufalikira. Njere za udzuwo nazonso zimatseka radiyeta, injini n'kutentha. Choncho imani pafupipafupi pamalo oyera, mugwade, musuzumire kunsi, muukoke udzuwo ndi waya wopinda, osati ndi manja.

Ena amati kuimaima kumachedwetsa gulu. Zoona, koma galimoto ikayaka pakanjira kopanda potembenukira, anzanu ali pambuyo, nonse mwatsekeredwa. Ena amati amene amakola udzu ndi wotsogola yekha. Iye amakoladi wambiri, koma umene waugonetsa umadzukanso n'kukola otsatira. Aliyense ayang'ane galimoto yake, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi ndi dalaivala.