PHUNZIRO: MWANA WOBADWA MASIKU ASANAKWANE

 Mwezi uno tiphunzira za ana obadwa masiku asanakwane, makamaka zimene akafukufuku a zaumoyo apeza pa kasamalidwe kawo.

Lipoti la m'chaka cha 2012 lidasonyeza kuti mwa ana 100 alionse obadwa m'Malawi, pafupifupi 18 ankabadwa mimba isanakwane masabata 37, ndipo pa nthawiyo panalibe dziko lina lotiposa. Mwana wotere alibe mafuta okwanira pansi pa khungu, kotero amazizidwa msanga. Mapapo ake amakhala osakhwima, komanso mphamvu yoyamwa imamuchepera. Kuzizidwa kokhako kumapha, nanji kuno kwathu kumene chiperoni chimatisautsa mu June ndi July.

Ambiri mudamvapo za chisamaliro cha kangaroo. Mwana amavekedwa thewera, chipewa ndi masokosi basi, n'kumugoneka chilili pakati pa mawere a mayi, khungu ndi khungu, n'kumumanga ndi chitenje. Njirayi adaiyambitsa ndi Dr Edgar Rey ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, atasowa makina okwanira ofunditsira ana. Kwathu kuno idayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Koma lamulo la zipatala linali lakuti mwana wodwalika ayambe wagona payekha m'makina, ndipo aperekedwe pachifuwa cha mayi akayamba kupeza bwino. Anamwino akalefe tidagwira ntchito ndi lamulo limeneli. Vuto lake n'lakuti ana ambiri amamwalira m'masiku oyambirira omwewo, asanafike n'komwe pachifuwapo.

Ndiye bungwe la WHO lidafunsa kuti: nanga mwana atayamba kangaroo atangobadwa, ali wodwala momwemo? Kafukufuku wake adayamba mu 2017 m'zipatala zisanu za ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania. Kuno adachitikira pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mmodzi wa otsogolera anali Dr Queen Dube. Adatenga ana 3,211 olemera kuyambira kilogalamu imodzi koma osafika 1.8, makolo awo atafotokozeredwa ndi kuvomera. Anawo adawagawa pawiri mwamaere. Musadabwe ndi maerewo. Cholinga chake n'chakuti dokotala asasankhe ana amphamvu okhaokha kuika mbali imene iye akuikonda. Gulu lina lidasamalidwa mwa kale. Gulu linalo lidayamba kangaroo msangamsanga, mayi akugona m'chipinda cha ana odwalika momwemo, mwana ali pachifuwa pafupifupi maola 17 patsiku, akulandira mpweya ndi mankhwala pomwepo. Mayi akadwala kapena kutopa, mayi wina wachibale ankamulandira.

Pofika masiku 28, mwa ana 100 a gulu lodikira adamwalira pafupifupi 16, pamene a gulu loyamba msanga adamwalira 12. Kusiyanaku kudaoneka poyera moti kafukufukuyo adamuimitsa asanafike kumapeto. Zotsatira zidatuluka mu 2021, ndipo mu 2022 WHO idasintha malangizo ake: kangaroo aziyamba mwana akangobadwa, kupatula amene akulephereratu kupuma kapena wafooka kotheratu.

Pa Queen Elizabeth pomwepo padayesedwanso makina otchedwa Pumani, amene amakankhira mpweya pang'onopang'ono m'mphuno kuti mapapo a mwana asafwafwanizike. Adawapanga mothandizana ndi yunivesite ya Rice ya ku America. Zotsatira za mu 2014 za Dr Kondwani Kawaza ndi anzake zidasonyeza kuti mwa ana 100 oikidwa pa makinawa 71 ankapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa olandira okosijeni wamba. Ana a m'kafukufuku ameneyu anali 87 okha, choncho umboni wake sungafanane kulemera ndi wa poyamba uja. Komabe tiusunge pafupi, pakuti m'midzi mwathu mudakali mawu akuti mwana akaikidwa timachubu m'mphuno ndiye kuti wapita. Timachubu timaikidwa pa mwana amene wadwala kale kwambiri, n'chifukwa chake ena amamwalira ali nato.

Tsono tisamve molakwa. Ana onse a m'kafukufuku uja anali m'chipatala, anamwino ali pambali usana ndi usiku. Chifuwa cha mayi sichilowa m'malo mwa chipatala. Kamwana kakabadwira kunyumba kapena panjira, kaya kuno, kaya kutsidya ku Milange, kapukuteni, musakasambitse, kaikeni pachifuwa, ndipo nyamukani nthawi yomweyo. Akakutumizani ku Mulanje, ulendo wonse kakhale pachifuwa pomwepo, osati kumbuyo monga tidazolowera kubereka. Akatuluka m'chipatala kangaroo amapitirira kunyumba, ndipo apa mpomwe amayi ambiri amagwa ulesi: madzi akufunika kutunga, nkhuni kutola, ena ntchito ya kutiyi ikuwadikira. Agogo, azakhali ngakhale bambo a mwana angathe kumufungatira. Mwana akasiya kuyamwa, akazizira, akatentha thupi kapena akamapuma mobanika, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Mafunso okambirana:
1. M'mudzi mwanu anthu amati chiyani akaona mayi wamanga mwana kutsogolo?
2. Mayi wotere akatuluka m'chipatala, ndani m'gulu lanu angamutungire madzi, ndipo masiku ati?
3. Ndani amadziwa kuluka tizipewa ndi timasokosi tating'ono? Bwerani ndi ulusi pa msonkhano wotsatira.