Mboni ziwiri pansi pa phazi la dalaivala



Tikakwera galimoto kuchoka ku Manyamula kupita ku Mzimba boma, timaona dalaivala akuponda moto, injini n'kulira. Kale chopondera moto chinkakoka waya wotsegula khomo la mpweya wolowa mu injini. M'galimoto zambiri za ku Japan zimene zikulowa pa Songwe masiku ano, monga Nissan Note, wayayo mulibe. Phazi limangouza kompyuta ya injini, ndipo wonyamula uthengawo ndi sensa.

A Fomu 3 ndi 4, apa ndi pamene Physics yanu ikugwira ntchito. Kompyuta imapatsa sensa mavolti 5. M'galimoto zina, pa chopondera pali kamaginito. Phazi likatsika, kamatembenuka, ndipo mavolti obwerera ku kompyuta amakwera, kuchoka pochepera volti 1 kufika cha m'ma 4. Zoti maginito amachititsa mavolti m'chitsulo chodutsa magetsi anazitulukira Edwin Hall mu 1879, galimoto za petulo zisanayambe kuyenda m'misewu.

Nanga sensayo itanama? Kompyuta ikhoza kuthira mafuta ambiri dalaivala asanaponde, pomwe ana akuwoloka msewu. N'chifukwa chake mumakhala masensa awiri. Pa Note, yachiwiri imapereka pafupifupi theka la mavolti a yoyamba. Ife ophunzira ku madrasa tikudziwa kuti ndime 282 ya Surat Al-Baqarah imalamula mboni ziwiri pa ngongole. Nayonso kompyuta sikhulupirira mboni imodzi. Zikasemphana, imachepetsa mphamvu, getsi lachikasu limayaka, galimoto n'kumakwawa ngati ngolo ya ng'ombe. Makina oyezera amaonetsa nambala monga P2138.

Makolo, kukwawako si matsenga ndipo injini sinafe. Ndi chitetezo. Musalole makaniko kudula kapena kulumikiza mawaya mwachidule kuti getsi lizime. Ayambe wayeza pulagi ndi mawaya ake, poti fumbi, mabampu ndi chinyezi cha dzinja zimawononga pamenepo, musanagule sensa yatsopano.

Yang'ananinso kapeti. Mu 2009 ndi 2010 Toyota inaitanitsa galimoto mamiliyoni ku America chifukwa zina zinkathamanga zokha. Akatswiri a NASA atafufuza, ananena mu 2011 kuti sanapeze vuto m'zamagetsi. Ovuta anali makapeti opanikiza chopondera ndi zopondera zochedwa kubwerera. Choncho osayala makapeti awiri kapena katoni pansi pa mapazi a dalaivala, ndipo botolo la madzi lisamagubuduke pamenepo.