Titeteze Bwanji Wailesi ndi Kanema Wathu ku Magetsi Osinthasintha?

Mvula ikayamba kuno ku Chiromo, si zachilendo kumva kuti wina wailesi yake yapsa, wina dikoda yasiya kuyaka. Kwa mwini nyumba yoonetsera kanema kapena mpira, zikatero ndiye kuti ndalama ya ufa yatha. Ambiri amaloza chala katunduyo kuti ngwachinyengo, chonsecho gwero lake nthawi zambiri limakhala mphamvu ya magetsi.

Magetsi a ESCOM amayenera kufika m'nyumba ndi mphamvu ya mavolti 230. Ambiri mwa magetsiwa amapangidwa pa mtsinje wathu womwewu wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo amayenda mtunda wautali pa mawaya. Tonse tikukumbukira mmene kuthima kwa magetsi kunachulukira namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022. Dziwani kuti nthawi imene magetsi akubwerera ndi imodzi mwa nthawi zoopsa kwa katundu wanu.

Adani atatu, zida zitatu

Woyamba ndi kulumpha kwadzidzidzi kwa mphamvu, kobwera mphenzi ikagwa pafupi ndi mawaya kapena magetsi akamayatsidwanso. Sikutenga ngakhale nthawi ya kuphethira, koma kumaotcha tizipangizo ta m'kati. Chida chake ndi surge protector. M'kati mwake muli kachipangizo kamene mphamvu ikapitirira muyeso, kamaipatutsa kuti isafike ku kanema. Kachipangizoka kamafooka kakamenyedwa kambirimbiri, choncho kanyale kosonyeza chitetezo kakazima, gulani china ngakhale magetsi akudutsabe.

Wachiwiri ndi mphamvu yotsika kapena yokwera kwa nthawi yaitali, monga mababu akamayaka mofooka madzulo. Apa pafunika TV guard. Imadula magetsi akasokonekera, ndipo akabwerera imayamba yadikira kaye isanawalowetse.

Wachitatu ndi phokoso la m'mawaya, lochokera ku chigayo, makina owotcherera zitsulo kapena firiji. Limamveka ngati kulira m'masipika, kapena kuoneka ngati mizere pa kanema. Chida chosefa magetsi, chotchedwa power filter, chimachepetsa vutoli.

Zoyenera kuchita

1. Musaganize kuti ekisitenshoni iliyonse ndi chitetezo. Yambiri imangochulukitsa masoketi. Werengani zolembedwapo, nambala ya ma joules ikakhala yaikulu, chidacho chimapirira kwambiri.

2. Onetsetsani kuti nyumba yanu ili ndi waya wopita pansi, wa earth. Popanda wayayu chitetezo chimakhala chopereŵera, ndipo moyo wanu umakhalanso pachiswe. Musathyole mwendo wachitatu wa pulagi kapena kulowetsa mawaya osavala m'soketi.

3. Ntchito ya mawaya ipatseni kwa munthu amene ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA.

4. Magetsi akathima, zimitsani pa soketi. Akabwera, dikirani mphindi zingapo.

5. Mukamva mabingu kutali, zulani mapulagi pamodzi ndi waya wochokera ku dishi kapena ku eriyo, pakuti mphenzi imalowera kumenekonso. Chitani zimenezi mvula isanafike. Palibe chida chapasoketi chimene chingaletse mphenzi yogwa pa nyumba.

6. Madzi akalowa m'nyumba, monga zimachitikira Ruo ndi Shire akasefukira, musayatse chilichonse mpaka wodziwa ntchito atayendera mawaya onse.

Mtengo wa zida zimenezi ndi wochepa poyerekeza ndi wa kanema watsopano. Yambani lero ndi kufufuza waya wa earth pa nyumba yanu.