Kusankha ndi kusamala timapulogalamu towonjezera pa browser

M'mashopu osindikiza makalata a pa Mchinji Boma, Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda, kompyuta imodzi imadutsa m'manja ambiri pa tsiku. Wophunzira amalemberapo fomu yofunsira malo ku yunivesite kudzera ku bungwe la NCHE, mlembi wa kopaletivi amatsegulirapo imelo ya gulu, ndipo wamalonda wopita ku Chipata amayang'anirapo ndalama zake za ku banki. Onsewa amalemba mawu awo achinsinsi mu browser, yomwe ndi pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, Firefox kapena Edge.

Mu browser mumatha kuikidwa timapulogalamu towonjezera totchedwa ma extension. Tina ndi tothandiza ndithu. Ka uBlock Origin kamatseka zithunzi ndi makanema otsatsa malonda, motero tsamba limatseguka msanga ndipo bandulo ya Airtel kapena TNM imachedwa kutha. Kameneka kamagwira ntchito mokwanira pa Firefox, pomwe pa Chrome panatsala kocheperako mphamvu kotchedwa uBlock Origin Lite. Ka Google Translate kamamasulira tsamba lachingerezi m'Chichewa, ngakhale kuti Chichewa chake nthawi zina chimatuluka chopindika. Pa foni nkhani yake ndi ina: Chrome ya pa Android salandira timapulogalamuti, koma Firefox imatilandira.

Vuto lagona pa chilolezo chomwe kapulogalamu kamapempha poikidwa. Pamabwera uthenga wakuti "Read and change all your data on all websites", ndipo ambiri amangovomereza osawerenga. Mawuwa akutanthauza kuti kapulogalamuko katha kuona ndi kusintha chilichonse pa tsamba lililonse lomwe latsegulidwa, kuphatikizapo zimene munthu akulemba pa tsamba la banki. Kotseka zotsatsa malonda kamafunikadi chilolezo chotere kuti kagwire ntchito yake. Koma kongosintha chithunzi cha tsamba loyambira kalibe chifukwa chochipemphera, ndipo kakachipempha sikayenera kuikidwa.

Ngakhale kapulogalamu kodalirika kamatha kutembenuka. The Great Suspender kanali kapulogalamu kogoneka masamba omwe sakugwiritsidwa ntchito kuti kompyuta yakale isamaleme, ndipo anthu pafupifupi mamiliyoni awiri ankakagwiritsa ntchito. Mu June 2020 mwini wake anakapereka kwa munthu wina amene sanadziwike. Mwini watsopanoyo anaikamo mwakachetechete malangizo otha kulandira ndi kuyendetsa zinthu zochokera kwina eni makompyuta osadziwa, mpaka kampani ya Google inakachotsa mu February 2021. Dzina ndi chizindikiro chake zinali zomwe zija, ndipo anthuwo sanakanikize batani lililonse kuti alandire kusinthako, chifukwa timapulogalamuti timadzikonza tokha kompyuta ikangolumikizika ku intaneti. Choncho kufufuza kwa tsiku loika lokha sikokwanira. Chodabwitsa n'chakuti ntchito yomwe kapulogalamuko kankagwira, Chrome ya masiku ano imaigwira yokha kudzera mu Memory Saver.

Mwini shopu, mphunzitsi woyang'anira makompyuta a pasukulu kapena mlembi wa komiti ya chitukuko ayenera kutsegula mndandanda wa timapulogalamuti kamodzi pa mwezi. Pa Chrome amalemba chrome://extensions pamalo polemba adiresi ya tsamba, pa Firefox amalemba about:addons. Kalikonse komwe sakukumbukira kuti anakaika yekha, kapena komwe papita nthawi kasakugwiritsidwa ntchito, akachotse. Kawirikawiri totere timalowa pamodzi ndi mapulogalamu aulere okoperana pa fulashi, ndipo chizindikiro chake ndi tsamba lofufuzira losintha lokha kapena zotsatsa malonda zongotumphuka paliponse. Totsalato tikhale tochokera ku Chrome Web Store kapena ku tsamba la Firefox Add-ons basi. Pa Chrome n'zothekanso kulamula kapulogalamu kuti kazigwira ntchito pa masamba osankhidwa okha, kapena pokhapokha munthu akakakanikiza.

Kasitomala amene akulowa mu imelo kapena mu banki pa kompyuta ya eni ake apemphe kutsegulirana Guest mode, momwe timapulogalamu towonjezera sitigwira ntchito ndipo zonse zimafufutika akatseka.

Achinyamata omwe akuphunzira kupanga masamba a pa intaneti ndiwo amakonda kudzaza browser ndi timapulogalamu tambirimbiri. Komatu zida zambiri zomwe amafuna zilimo kale: batani la F12 limatsegula zoyezera HTML ndi CSS, zoonera kulemera kwa tsamba, ngakhalenso zoyeserera mmene tsambalo lingatsegukire pa netiweki yofooka ngati ya kumidzi ya kutali ndi msewu wa M12. Wofunikadi kuonjezera kena, monga React Developer Tools, atsegule profile yachiwiri mu browser ndi kukaika mmenemo, kuti profile yomwe amalowera ku banki ndi ku imelo ikhale yopanda kanthu.