Tisamalipire katundu tisanamuone

Anzanga, chaka chatha nditagulitsa soya wanga, ndinaona foni yokongola pa Facebook, mtengo wake wotsika zedi. Wogulitsayo anati ali ku Lilongwe, ndikangotumiza theka la ndalama aikweza basi. Ndinatumiza. M'mawa mwake nambala yake sinkapezekanso. Thukuta la dzinja lonse linathera pomwepo! Paja akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye pogula zinthu pa intaneti tizikumbukira izi:

1. Osatumiza ndalama musanaone katundu. Ngati wogulitsa ali kutali, tumani m'bale wanu wakomweko akamuone kaye.
2. Pokakumana ndi wogulitsa, pitani masana, pamalo pa anthu ambiri ngati pamsika, ndipo tengani mnzanu. Atsikana, apa tisamalepo kwambiri.
3. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money ndi yanu nokha. Osauza munthu, ngakhale atanena kuti ndi wa ku kampani.
4. Akamakufulumizitsani kuti "ena akumufunanso", dekhani. Wakuba safuna kuti muganize.
5. Akakuberani, musachite manyazi. Sungani mauthenga onse, kaneneni kupolisi ndi ku kampani ya foni.

Funso lokambirana pa kalabu: Mnzanu akufuna kutumiza ndalama kwa wogulitsa wosamudziwa. Mungamulangize zotani?