Phunziro: Gotu Kola, Kamera Kam'dambo Kothandiza Chilonda Kupola

Ku Sri Lanka, chilumba chomwe chili kummwera kwa India, mayi akapita kumsika amagula gotu kola womangidwa m'timitolo, pamodzi ndi ndiwo zina zamasamba. Akafika kunyumba amatsuka masambawo ndi kuwadula tosalala kwambiri. Kenaka amathiramo kokonati wopala, anyezi, tsabola, mchere ndi madzi a mandimu. Saphika ayi. Amadyera mpunga ali aawisi chomwecho. M'mawa ena amasinja masambawo, kufinya madzi ake obiriwira ndi kuwathira m'phala la mpunga lomwe amalitcha kola kenda. Ku Vietnam amapangira chakumwa chozizira, ndipo kamerako amakatcha rau má. Ku Malaysia kamerako amakatcha pegaga. M'maiko amenewa gotu kola ndi chakudya poyamba, za mankhwala zimabwera pambuyo.

Akatswiri a zomera amakatcha Centella asiatica, ndipo ndi ka mtundu umodzi ndi karoti. Sikakwera m'mwamba. Kamayanga pansi, ndipo pa mfundo iliyonse kamatulutsa mizu ndi masamba atsopano. Tsamba lake ndi lobulungira, lamanomano m'mphepete, ndipo lili ndi mpata pamene palowa phesi. Kamakonda chinyontho: m'madambo, m'mphepete mwa ngalande ndi m'minda ya mpunga. Kamamera m'maiko ambiri otentha, ndipo kuno ku Malawi kaliponso, kungoti ambiri timakaponda osakadziwa. Kali ndi mnzake wofanana naye wotchedwa Hydrocotyle. Mitundu ina ya mnzakeyo phesi limalowa pakatikati pa tsamba, osati pampata. Musasokonezenso gotu kola ndi mtedza wa kola wa ku West Africa. Palibe chibale, ndipo gotu kola alibe kafini amene amathetsa tulo.

Momwe chilonda chimapolera

Kuti timvetse ntchito ya kameraka, tiyambe taona zomwe thupi limachita lokha. Tiyerekeze kuti mwadzitema ndi chikwanje pamwendo. Poyamba magazi amaundana ndi kutseka pachilondapo. Pambuyo pake malowo amatupa, kufiira ndi kutentha, chifukwa asilikali a m'thupi afika kudzalimbana ndi tizilombo. Pakapita masiku angapo, pansi pa nkhanambo pamayamba kumera mnofu watsopano wofiirira. Mnofu umenewu umalimba chifukwa cha timaulusi totchedwa kolajeni. Thupi limaluka timaulusiti monga momwe munthu amalukira mkeka, chingwe ndi chingwe, mpaka mbali ziwiri za chilonda zitakumana. Pamapeto pake nkhanambo imagwa, pamatsala chipsera.

Apa ndiye pamene gotu kola amalowerera. M'masamba mwake muli mankhwala anayi odziwika bwino: asiaticoside, madecassoside, asiatic acid ndi madecassic acid. Mayinawa ndi ovuta kutchula, ndipo simukuyenera kuwaloweza. Chofunika kudziwa n'chakuti mankhwalawa amalimbikitsa thupi kupanga kolajeni wambiri, ndiponso amachepetsako kutupa. Choncho woluka ndi thupi lanu lomwe. Gotu kola amangolifulumizitsa.

Nkhani imeneyi si yakumudzi yokha. Mu 1999 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kameraka m'buku lake loyamba lofotokoza zitsamba zamankhwala, ndipo linatchula ntchito yake pa zilonda, pamalo opsa ndi moto komanso pa zipsera. Ku France anapanga mafuta odzola pachilonda otchedwa Madecassol. Ku South Korea mafuta ambiri odzola kumaso olembedwa kuti "cica" ali ndi kameraka. Masamba ambiri opangira zinthuzi amachokera ku Madagascar, kutsidya kwa nyanja kuchokera ku Mozambique. Ku Madagascar anthu akumudzi amathyola talapetraka, monga amakatchulira, kutchire ndi m'mbali mwa minda ya mpunga, kuyanika ndi kugulitsa kwa amalonda. Botolo likafika m'sitolo ya ku Paris limakhala ladula kutalitali ndi ndalama zimene wothyolayo analandira.

Koma taonani bwino. Kufulumizitsa kupola si kupha tizilombo. Chilonda chakuya, chotuluka mafinya, chonunkha, kapena cholumidwa ndi galu, n'chakuchipatala. Kumeneko n'komwe kuli jakisoni woteteza ku kafumbata ndi ku chiwewe. Munthu wodwala shuga akakhala ndi chilonda kuphazi asachedwe ndi masamba. Ndipo tsamba lothyoledwa m'ngalande, losatsuka, likaikidwa pachilonda limabweretsa tizilombo m'malo mothandiza.

Chitsanzo chabwino chosonyeza kuti kufulumizitsa kupola si kupha tizilombo ndi khate. Kale ku India ndi ku Madagascar madokotala ankagwiritsa ntchito kameraka pa zilonda za odwala khate. Zilonda zinkatha kuoneka bwinoko, koma kachilombo koyambitsa khate kankatsalabe m'thupi. Lero khate limachizika ndi mapiritsi omwa kwa miyezi 6 kapena 12, ndipo kuyambira mu 1995 WHO imawapereka ulere.

Miyendo yotupa

Ntchito yachiwiri ndi ya m'mitsempha. Magazi akatsika kumapazi amayenera kukweranso kubwerera kumtima. M'mitsempha ya m'miyendo muli timavalavu totseguka mbali imodzi yokha, toletsa magazi kubwerera pansi. Mukamayenda, minofu ya katumba imafinya mitsemphayo ndi kukankhira magazi m'mwamba. Munthu amene amaima tsiku lonse, monga wogulitsa pamsika, kapena amene wakalamba, mitsempha yake imatha kufooka. Magazi amadikha m'munsi, madzi amadontha kutuluka m'timitsempha ting'onoting'ono, ndipo pofika madzulo akakolo amakhala atatupa, miyendo ikulemera. Khoma la mtsempha nalonso lili ndi kolajeni. Madokotala a ku Italy anayesa mankhwala ochokera ku gotu kola pa anthu otere, ndipo ambiri kutupa kunachepa. Kafukufukuyo anali wa anthu ochepa, ndipo anagwiritsa ntchito mankhwala oyezedwa bwino, osati masamba ongotola.

Kutupa miyendo kuli ndi magwero enanso oopsa: mtima, impso, ndi kuthamanga kwa magazi kwa mayi woyembekezera. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, n'kumapweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Za nzeru ndi moyo wautali

Ogulitsa amakonda kunena kuti gotu kola amawonjezera nzeru. Ku India asing'anga a Ayurveda akhala akumupereka kwa zaka mazanamazana kuti munthu asamaiwale. Ku Sri Lanka kuli mwambi woti njovu zimakhalitsa chifukwa zimadya masambawa, ngakhale kuti njovu imadya pafupifupi chilichonse chobiriwira. Mu 2017 akatswiri a ku Thailand anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana pa anthu, ndipo sanapeze umboni wolimba woti kameraka kamathandiza kukumbukira. Amene akukugulitsani botolo ponena kuti mwana wanu akhoza mayeso, akufuna ndalama zanu basi.

Masamba ndi makapisozi si chimodzi

Kudya masamba pang'ono ngati ndiwo n'kosiyana ndi kumwa makapisozi tsiku ndi tsiku. M'kapisozi muli ufa wouma kapena mankhwala ofinyidwa, amphamvu kuposa tsamba. Chilichonse chomwe mwameza chimadutsa m'chiwindi, chomwe ntchito yake ndi kusefa ndi kuphwanya mankhwala. Mu 2005 madokotala a ku Argentina analemba za amayi atatu amene chiwindi chawo chinatupa atamwa gotu kola kwa milungu ingapo. Atasiya kumwa anachira. Izi sizichitika kawirikawiri, komabe zizindikiro zake muzidziwe: maso achikasu, mkodzo wakuda, nseru ndi kufooka.

Amene ali ndi vuto la chiwindi, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asamwe makapisoziwa. Amene akumwa mankhwala a TB kapena ma ARV ayambe afunsa adokotala, pakuti chiwindi chawo chili kale pantchito yaikulu. Kameraka kamatha kubweretsa tulo, motero sikayenderana ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa. Ena akadzola mafuta ake khungu limayabwa ndi kuchita totupa. Yesani kaye pamalo pang'ono pamkono, mudikire tsiku limodzi. Pothyola masamba pewani m'ngalande za m'tauni ndi pafupi ndi mafakitale, chifukwa mizu yake imakoka zitsulo zapoizoni zomwe zili m'madzi oipa, ndipo kutsuka sikuzichotsa.

Tikambirane

Kodi kolajeni amagwira ntchito yanji chilonda chikamapola? N'chifukwa chiyani gotu kola sakanatha kuchiza khate? Mnansi wanu amene akumwa mankhwala a TB wagula makapisozi a gotu kola pamsika. Mungamuuze chiyani?