Kupopera Thonje ndi Mphamvu ya Kubereka

Alimi a thonje a ku Lupembe, mumasamala mbewu ya m'munda. Nanga mbewu ya m'thupi mwanu?

Mwamuna ali ndi machende awiri. Ntchito yake ndi kupanga mbewu ya abambo ndiponso timadzi totchedwa testosterone, timene timameretsa ndevu ndi kukulitsa mawu. Mkazi ali ndi timatumba tiwiri ta mazira, kumanja ndi kumanzere kwa chiberekero. Timatumbati timatulutsa estrogen ndi progesterone, timadzi toyendetsa msambo ndi kukonza chiberekero kuti chisunge mimba. Timadzi tonseti ndi mahomoni. Kapitao wake ndi kachiwalo kochepa ngati nandolo kamene kali pansi pa ubongo.

Mankhwala ena ophera tizilombo amaononga ziwalozi mwakachetechete. Mu 1977, ku Lathrop m'dziko la America, amuna opanga mankhwala a DBCP anapezeka ndi mbewu yochepa, ena alibiretu. DBCP si mankhwala opopera thonje, koma phunziro lake ndi lanu: poizoni amalowera pakhungu, ndipo khungu la kumaliseche limamwa mankhwala koposa la m'manja.

Tsono chitani izi:

1. Popani m'mawa kusanatenthe, mutavala ovolosi. Kutentha kwa ku Karonga kusakuvuleni.
2. Konzani pampu yodontha. Imanyowetsa msana ndi kabudula.
3. Sambani m'manja ndi sopo musanataye madzi.
4. Mayi woyembekezera asapope, ndipo asachape zovala zopopera.

Ngati mwana sakubwera m'banja, pitani nonse awiri kuchipatala. Musafulumire kuloza chala mayi.